Tifunseni: kodi timapaketi totsekemera tolembedwa "zero" tija ndi zerodi?

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe abwera akukamba nkhani imodzi, ya tinthu totsekemera tija anthu ayamba kuthira mu tiyi m'malo mwa shuga. Ndasankhapo angapo ndipo ena ndawadula pang'ono, poti ena mwa inu mukati mulembe funso mumayambira tsiku lomwe munabadwa.

FUNSO: Achemwali, ine ndi mayi wa zaka 54 ndimakhala ku Area 25. Chaka chatha anandipeza ndi matenda a shuga ndiye anandiletsa shuga mu tiyi, koma ine tiyi wopanda shuga ayi ndithu samatsika kukhosi. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg ananditumizira bokosi la timapaketi ta ufa woyera wotsekemera, kutsogolo analemba zilembo zikuluzikulu kuti zero koma mdzukulu wanga atawerenga kumbuyo akuti muli dextrose komanso kapaketi kalikonse kali ndi carbohydrate pafupifupi galamu imodzi. Nanga zero yo ndi iti? Sakundimaliza mwakachetechete anthu amenewa?

YANKHO: Amayi, choyamba mdzukulu wanuyo mumugulire kanthu, wachita zomwe akuluakulu ambiri sitichita, kutembenuza bokosi. Chachiwiri khazikani mtima pansi, sakukumalizani, koma zero yo si zero yeniyeni ndipo ndikufotokozerani pomwe pagona nkhani.

Tiyambire pa shuga wathu wamasiku onse wochokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa uja. Galamu imodzi ya shuga ili ndi makalori 4, makalori ndiwo muyeso wa mphamvu ya chakudya. Kasipuni ka tiyi kosadzaza kwambiri kamatenga magalamu 4, ndiye kuti makalori 16 ndi magalamu 4 a carbohydrate, ndipo ndikunena kasipuni kosalaza pamwamba osati kathu kaja timakawunjika ngati chulu. Carbohydrate yo ndiye imakukhudzani kwambiri inu a shuga chifukwa ndi imene imasanduka shuga wa m'magazi uja amakubayani chala kuti amuyeze.

Tsopano zotsekemeretsa zopangidwa m'mafakitalezi zilipo zingapo ndipo maina ake mudzawaona kumbuyo kwa bokosi: aspartame, sucralose, saccharin, acesulfame K, cyclamate, komanso stevia yemwe amachokera ku masamba a chomera cha ku Paraguay. Chinsinsi chake chonse n'chakuti zimatsekemera moopsa. Aspartame amaposa shuga maulendo pafupifupi 200, saccharin maulendo 300 kapena kuposa, sucralose maulendo 600. Ndiye taganizani, kuti mupeze kutsekemera kwa masipuni 2 a shuga mukufunika aspartame wolemera ngati timbewu tiwiri ta mpunga basi, sucralose ndiye sakwana ndi kambewu kamodzi komwe. Chodabwitsa n'chakuti aspartame naye ali ndi makalori 4 pa galamu ngati shuga yemwe, kungoti amene mumadya ndi wochepetsetsa moti palibe chowerenga. Saccharin ndi acesulfame K thupi silizigwiritsa ntchito n'komwe, zimangodutsa n'kutuluka ndi mkodzo, sucralose nayenso wambiri amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi.

Vuto ndi ili. Kanthu kochepa ngati theka la kambewu ka mpunga simungakatape ndi sipuni, kangathere m'zala kapena kuuluka ndi mphepo. Ndiye opanga aja amakasakaniza ndi ufa wina kuti kapaketi kaoneke kuti muli kanthu, ndipo ufa umenewo nthawi zambiri ndi dextrose kapena maltodextrin. Dextrose ndi glucose, shuga yemwe uja amamuyeza m'magazi, dzina lina chabe. Maltodextrin amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena zina zokhuthara ndipo amakwera m'magazi mwachangu ngati glucose. Ndiye mu kapaketi ka galamu imodzi kaja, pafupifupi zonse mukuzionazo ndi ufa wodzadzirawu, chotsekemeretsa chenicheni simungachiloze ndi maso. N'chifukwa chake kapaketi kamodzi kamakhala ndi makalori 3 kapena 4 ndi carbohydrate yochepera pang'ono galamu imodzi, ndendende zomwe mdzukulu wawerenga.

Nanga amalemberanji zero? Malamulo a zolembalemba pa zakudya amalola kuti nambala ikachepa kwambiri aitsitse. Ku America mwachitsanzo chinthu chikakhala ndi makalori ochepera 5 pa mlingo umodzi amaloledwa kulemba kuti zero. Si bodza pamaso pa lamulo koma ndi kuchenjera kwa amalonda, monga mavenda amanenera kuti "yaulere iyi" atakudulirani kale pa zina.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi tione ngati n'zodetsa nkhawa. Kapaketi kamodzi kamatsekemera ngati masipuni 2 a shuga. Masipuni 2 amenewo ndi magalamu 8 a carbohydrate ndi makalori 32, kapaketi ndi galamu imodzi yosakwana ndi makalori 4. Mukamwa makapu 3 a tiyi pa tsiku ndi kapaketi kamodzi kamodzi mwadya magalamu osakwana 3, pomwe ndi shuga mukanadya 24. Kagawo kamodzi ka buledi komwe mumamwera tiyiyo kali ndi magalamu 12 mpaka 15. Mukuona kuti kapaketiko si mdani wanu wamkulu pa tebulopo eti? Zimayamba kuvuta kwa anthu aja amang'amba timapaketi 4 mu kapu imodzi, tinanso 5 m'phala, poti ati ndi zero, pofika madzulo adya timapaketi 20 ndipo apo ndiye kuti magalamu ayandikira 20, chimodzimodzi masipuni 4 kapena 5 a shuga weniweni.

Ngati mukufuna zochepetsetsa muuzeni mwana wanuyo ulendo wina atumize timapilisi tija timagwa kamodzi kamodzi mukadina kabotolo, ngati ta Canderel kapena Hermesetas, kapena zamadzi zodontheza. Kapilisi kamodzi sikakwana ngakhale kalori imodzi chifukwa ndi kakang'ono ndipo zodzadzira zake n'zochepa. Komanso poti zinthu zanu zikuchokera ku South Africa, dziwani kuti kumeneko mphamvu ya chakudya amailemba mu kJ osati makalori, ndiye mukaona 15 kJ musakomoke, gawani ndi 4.2 mupeza kuti ndi makalori osakwana 4. Anthu ambiri amathawa zinthu zabwinobwino chifukwa cha ka kJ kameneka.

Chinanso poti tili pa kapu ya tiyi yomweyo, muonenso chomwe mukuyeretsera. Ufa uja anthu amati mkaka koma si mkaka, ma creamer aja, ambiri chinthu choyamba pa mndandanda wa zosakaniza ndi glucose syrup. Mutha kuvutika kusaka kapaketi ka zero kenako n'kuthira masipuni 3 a ufa wodzaza glucose osadziwa.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Zomba, ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Miyezi 6 yapitayo ndinasiyiratu shuga, tiyi ndimathira timapilisi, zoziziritsa kukhosi ndimamwa za zero zokhazokha, mpaka anzanga amandiseka kuti ndimamwa madzi akuda. Koma sikelo siikusuntha ngakhale pang'ono, mimba ili pomwepo lamba ndi bowo lomwelo. Ndiye kuti zinthu zimenezi zili ndi makalori obisika kapena bwanji? Ndalama zanga zikungopita.

YANKHO: Bambo, makalori obisika alipodi koma sanabisale mu kapilisi, abisala mu mbale. Pepani ndayamba ndi kukulasani.

Tinene kuti kale munkathira masipuni 3 mu kapu ndipo munkamwa makapu 3 pa tsiku. Amenewo ndi masipuni 9, makalori 144. Tiwonjezere botolo limodzi la chakumwa cha shuga, Coca-Cola wamba amakhala ndi magalamu pafupifupi 10 ndi theka pa 100 ml iliyonse, ndiye botolo la 300 ml ndi magalamu oposa 30, masipuni ngati 8, makalori 125 kapena kuposerapo pang'ono. Zonse pamodzi mwachotsa makalori ngati 270 pa tsiku, zomwe si zochepa ayi, mwachita bwino. Funso ndi lakuti mwawabwezeretsa pati, chifukwa thupi ndi lochenjera ndipo mutu ndiye wochenjera kuposa thupi, umakuuzani kuti "poti tiyiyu alibe shuga tengani mandasi achiwiri". Sipuni yaikulu imodzi yokha ya mafuta ophikira ili ndi makalori 120, mafuta ali ndi makalori 9 pa galamu kuposa shuga kawiri, ndiye ganizirani mandasi kapena chipisi cha pa chiwaya chomwe chasambira m'mafutamo. Mowa simunautchule m'kalata mwanu ndipo sindikukunamizirani, ndingonena kuti botolo limodzi laling'ono limakhala ndi makalori ngati 140, awiri Lachisanu madzulo afafaniza kale zonse munapulumutsa tsiku limenelo.

Ndiye pali mfumu ya zonse, nsima. Magalamu 100 a ufa wa chimanga, omwe ndi ochepa kwambiri moti amayi akunyumba angakusekeni mutawapatsa kuti aphikire munthu wamkulu, ali ndi makalori ngati 360 ndi carbohydrate yoposa magalamu 70. Inu mitanda ingati masana, ingati madzulo? Sindikuti musiye nsima, tisanamizane, palibe Mmalawi angamvere malangizo amenewo kupitirira masiku atatu. Koma kuchotsa mtanda umodzi n'kuchulukitsa masamba kungasunthe sikelo kuposa timapilisi tonse ta m'shopu.

Mu May 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti anthu asadalire zotsekemeretsa zimenezi ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa ataunika kafukufuku wambiri anaona kuti pakapita nthawi yaitali sizithandiza kwenikweni kuchotsa mafuta m'thupi. Malangizowo sanawalembere anthu amene ali kale ndi matenda a shuga, ndiye amayi a ku Area 25 aja asatekeseke. Mfundo yawo inali yakuti ndi bwino lilime lizolowere zosatsekemera kwambiri kusiyana ndi kumangolinyengerera ndi china. Ine pamenepo ndimagwirizana nawo theka. Munthu amene amamwa mabotolo 3 a shuga pa tsiku akasinthira ku zero wapindula ndithu, mano akenso apumako. Koma amene akuganiza kuti zero ndi mankhwala osungunula mimba, ameneyo akungolemeretsa eni shopu. Yesani kuchepetsa kapilisi kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse, anthu ambiri amadabwa kuti pakatha mwezi tiyi amene ankamukonda uja akumveka ngati manyuchi.

FUNSO: Anzanga kutchalitchi akuti ndisiye za azunguzi ndizithira uchi kapena shuga wa bulauni poti ndi zachilengedwe ndipo sizikweza shuga. Zoona? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Ayi amayi, si zoona, ndipo bodza limeneli lagoneka anthu ambiri m'chipatala. Uchi ndi shuga, kasipuni kamodzi kali ndi makalori ngati 21 ndi carbohydrate yoposa magalamu 5, kuposa shuga woyera amene chifukwa uchi ndi wolemera pa sipuni. Shuga wa bulauni ndi shuga yemweyo wotsalira timanyuchi pang'ono, makalori ake ndi ofanana ndi woyera, kusiyana kwake ndi mtundu ndi kafungo basi. Nzimbe nazo ndi kumene shugayo amachokera, ndiye musati poti mwatafuna nokha ndiye kuti ndi mankhwala. Kapamba wanu safunsa ngati shuga wachokera ku njuchi kapena ku fakitale. Uchi ndi wabwino, ndimaukonda, koma muziuwerengera ngati shuga.

FUNSO: Ndinagula maswiti ndi chokoleti zolembedwa sugar free kuti ndizidya popanda mantha poti ndili ndi shuga. Ndinadya paketi yonse pa basi kuchokera ku Blantyre, tisanafike pa Zalewa mimba inayamba kulira, zomwe zinachitika pambuyo pake sindingalembe m'magazini. Mawa lake nditayeza shuga analinso wokwera. Anandigulitsa zoonongeka? Mnyamata wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene pepani, ndaseka kaye ndisanayankhe, mundikhululukire. Sizinali zoonongeka, mwakumana ndi banja lina la zotsekemeretsa lomwe ndi losiyana kwambiri ndi timapilisi tija. Maswiti ndi chokoleti sangapange ndi kanthu kochepa ngati kambewu ka mpunga, pamafunika chinthu chodzaza malo a shuga, ndiye amagwiritsa ntchito zomwe maina ake amathera ndi "ol": sorbitol, maltitol, xylitol, erythritol. Pa paketi nthawi zina amazilemba kuti polyols kapena sugar alcohols ngakhale mulibe mowa uliwonse, a mpingo musadandaule.

Zimenezi ndi carbohydrate ndithu ndipo zili ndi makalori, kungoti thupi limangotengako gawo. Sorbitol ali ndi makalori 2.6 pa galamu, xylitol 2.4, maltitol 2 ndi kakang'ono, kutanthauza kuti ndi theka kapena kuposa theka la shuga. Erythritol yekha ndiye ali pafupi ndi zero. Maltitol amene amakonda kumuika mu chokoleti amakweza shuga wa m'magazi, pang'onopang'ono kusiyana ndi shuga wamba koma amakweza, ndiye mukadya paketi yonse musadabwe ndi kamakina kanu koyezera shuga. Onjezanipo kuti chokoleti chili ndi mafuta ambiri, mabisiketi a sugar free ali ndi ufa wa tirigu, moti mukayerekeza makalori a paketi ya sugar free ndi ya wamba nthawi zambiri kusiyana kwake n'kochepa zomvetsa chisoni poyerekeza ndi mtengo.

Za pa Zalewa zija, gawo lomwe thupi silinatenge limatsikira m'matumbo akulu, limakoka madzi ndipo tizilombo ta m'matumbo timachita nalo phwando, zotsatira zake ndi mpweya ndi kutsegula m'mimba. Mukayang'ana bwino paketiyo mwina mupeza timalemba tating'ono tochenjeza kuti mukadya zambiri zimatsegula m'mimba. Mawu oti sugar free amangotanthauza kuti mulibe shuga, sakutanthauza kuti mulibe carbohydrate, ndiye muziyang'ana mzere wa carbohydrate yonse osati wa sugars wokha. Ndipo ngati muli ndi galu kunyumba musamuponyere chingamu kapena switi ya xylitol, kwa agalu ndi poizoni weniweni.

FUNSO: Pa gulu lathu la WhatsApp kukuyenda uthenga woti aspartame amayambitsa khansa ndipo WHO inavomereza. Ine ndimamwa chitini chimodzi cha zero pafupifupi tsiku lililonse. Ndisiye? Mphunzitsi wa ku Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, uthengawo uli ndi kachoonadi kakang'ono komwe akavekera chijasi chachikulu. Mu July 2023 nthambi ya WHO yofufuza za khansa yotchedwa IARC inaika aspartame m'gulu lomwe amalitcha 2B, kutanthauza zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Tsiku lomwelo komiti ina ya WHO ndi bungwe la zakudya ndi ulimi la FAO, yoona za zothira m'zakudya, JECFA, inanena kuti mlingo wovomerezeka sukusintha, ukhalabe mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu pa tsiku. Iwo eni anawerengera kuti munthu wa makilogalamu 70 angafunike kumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse kuti adutse malire amenewo. Inu muli pa chimodzi. Kuti muone kukula kwa nkhani, mowa, fodya ndi nyama zokonzedwa ngati masoseji ndi polony zili m'gulu 1, la zinthu zomwe umboni wake ndi wokwanira, koma sindinaonepo uthenga wa masoseji ukuzungulira pa WhatsApp.

Mantha oterewa si achilendo. Saccharin yemwe ndi gogo wa zonsezi, anamutulukira mu 1879 ku Johns Hopkins ku America, anavekedwa chenjezo la khansa m'ma 1970 chifukwa cha makoswe omwe anawadyetsa mulu wosaneneka, kenako zinadzadziwika kuti zomwe zimachitika m'chikhodzodzo cha khoswe sizichitika mwa munthu ndipo chenjezolo analichotsa mu 2000. Okhawo amene aspartame ndi woletsedweratu kwa iwo ndi obadwa ndi matenda osowa otchedwa PKU, n'chifukwa chake pa chitini amalemba za phenylalanine, chinthu cha mu aspartame chomwe matupi awo satha kuchigaya. Maganizo anga, chitini chimodzi sichikundidetsa nkhawa, koma madzi a pa mpopi ndi otchipa ndipo malipiro a aphunzitsi tonse tikuwadziwa.

FUNSO: Ndimaphika makeke a maukwati ndi ma birthday ku Mchinji ndipo makasitomala ena a ku Chipata ayamba kufunsa keke ya anthu a shuga. Ndingangochotsa shuga n'kuthira sweetener basi?

YANKHO: Achemwali, bizinesi yabwino koma samalani ndi dzina mukuipatsa kekeyo. Kapu imodzi ya shuga ndi magalamu 200 a carbohydrate, makalori pafupifupi 770. Kapu ya sweetener wa ufa wopepuka uja amayezedwa kapu kwa kapu ngati shuga, monga Splenda wa granulated, ili ndi magalamu ngati 24 ndi makalori pafupifupi 96 chifukwa cha maltodextrin yemwe uja ndawauza amayi a ku Area 25. Apa ndiye pomwe zero amaonekera poyera kuti si zero, pa kasipuni sizioneka koma pa kapu zimaoneka. Ndi zochepabe kwambiri poyerekeza ndi 200, vuto n'lakuti kapu iliyonse ya fulawa ili ndi magalamu ngati 95 a carbohydrate ndipo keke imadya makapu 2 kapena 3, majarini ndiye osanena. Ndiye kasitomala akamva kuti "keke ya a shuga" n'kudya magawo 3 mwamupweteka. Muziti keke yochepa shuga ndipo muziwauza kuti kagawo kamodzi kakang'ono basi.

Pa kaphikidwe, aspartame musamuike mu uvuni, akatenthedwa nthawi yaitali amasweka ndipo kutsekemera kumathawa, mudzatulutsa chigumu chozizira. Sucralose ndi acesulfame K amapirirako moto. Saccharin ndi stevia akachuluka amasiya kakuwawa kumapeto kwa lilime. Komanso shuga mu keke sagwira ntchito yotsekemeretsa yokha, ndi amene amaipatsa mtundu wofiirira pamwamba, kufewa, ndi kuti isaume msanga, ndiye mukamuchotsa yense keke imatuluka yotuwa, yosafufuma bwino ndipo mawa lake ili gwa. Ophika ambiri amachotsa theka n'kusiya theka. Yesani kaye kakang'ono kunyumba, musayesere pa ukwati wa eni ake.

FUNSO: Bambo anga amabaya insulin. Sabata yatha tili kumaliro anachedwa kudya, anayamba kunjenjemera, thukuta kuti kamukamu ndipo amayankhula zosamveka. Ndinathamanga kukagula chakumwa cha zero poopa kuti cha shuga chiwapweteka, koma sizinasinthe mpaka mayi wina anabwera n'kuwasungunulira shuga m'madzi, patapita mphindi zochepa anakhala bwino. Ine ndasokonezeka, si shuga yemweyo anawaletsa? Mtsikana wa ku Dedza.

YANKHO: Mwana wanga, funso lako ndalisungira kumapeto dala chifukwa ndi limene lingapulumutse moyo, ndipo mayi amene uja ukakumana nawo uwathokoze ndi manja awiri. Usadziimbe mlandu, unachita zomwe unkaganiza kuti n'zoyenera.

Zomwe zinawachitikira bambo ndi kutsika kwa shuga, osati kukwera. Munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mapilisi ngati glibenclamide, mankhwalawo amapitiriza kutsitsa shuga kaya wadya kaya sanadye, ndiye akachedwa kudya, akagwira ntchito yolemetsa kumunda kapena akamwa mowa m'mimba muli pululu, shuga amagwa mpaka ubongo kuyamba kusowa chakudya. Zizindikiro zake ndi zomwe unaonazo, kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kuthamanga, kukwiya popanda chifukwa, kuyankhula ngati woledzera. Pa kamakina nambala imakhala pansi pa 70, kapena pansi pa 4 ngati kamakina kanu ndi kowerenga timanambala ting'onoting'ono.

Nthawi imeneyo chomwe takhala tikuchiyamikira m'mayankho onsewa, chakuti zakumwa za zero zilibe carbohydrate, ndiye chimasanduka choopsa. Lilime limamva kutsekemera koma m'magazi simulowa kanthu, utha kuwamwetsa kireti yonse ya zero shuga osakwera. Pamafunika shuga weniweni magalamu 15, omwe ndi masipuni a tiyi 4 osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la 300 ml la chakumwa cha shuga wamba, kapena sipuni yaikulu ya uchi. Udikire mphindi 15, ngati sanasinthe uwapatsenso, akakhala bwino adye chakudya chenicheni ngati nsima, mbatata kapena buledi kuti asagwenso. Uonetsetsenso botolo lomwe wagula, masiku ano zakumwa zambiri makamaka zochokera ku South Africa, komwe anaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, anazichepetsa shuga n'kusakaniza ndi sweetener ngakhale sizinalembedwe zero, ndiye shuga wa m'thumba ndi wodalirika kuposa botolo. Chokoleti si yabwino pa ngozi yotere, mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi.

Akakomoka kapena akakhala kuti sakutha kumeza usawathire chilichonse m'kamwa, angatsamwe, uwagoneke chammbali ndipo muthamangire kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ukafika unene msanga kuti amabaya insulin. Nkhani ya kumaliroyi akaifotokozenso kwa adokotala awo pa tsiku la sikelo ya shuga, mwina pafunika kusintha mlingo wa mankhwala. Ndipo kuyambira lero m'thumba la jekete lomwe amapita nalo kumaliro ndi kutchalitchi muzikhala kapepala ka shuga wa masipuni 4 kapena maswiti wamba 4, uwauze kuti si a adzukulu.